FONI YA APHUNZITSI NDI ANA ZANA LIMODZI

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono pa mapu a dziko lathu, koma anthu ake ndi ochuluka ndithu. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti muno tilimo anthu oposa 350,000. Kuchuluka kumeneku sikuoneka bwino pa pepala ayi. Kumaoneka m'mawa pa bwalo la sukulu ya pulayimale, belu litalira, pamene ana a Sitandade 1 ndi 2 akukankhana pa khomo la kalasi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira si chachilendo kupeza ana opitirira 100 atakhala pansi mothithikana, atatu kapena anayi atagwira buku limodzi. Chiyambire chaka cha 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa mamiliyoni atatu kapena kuposerapo, zipinda, mabuku ndi aphunzitsi zakhala zikuthamangira ana m'mbuyo osawapeza.

Tsono masiku ano timamva kawirikawiri kuti pa intaneti pali mabuku, zithunzi, mapu ndi makanema ophunzitsira zimene munthu angathe kutenga popanda kulipira. Mawuwa ndi oona. Koma kholo la ku Namitambo kapena ku Thumbwe likhoza kufunsa, ndipo silingalakwe: kodi zimenezi zitithandiza chiyani ife, popeza pa sukulu yathu palibe magetsi, palibe kompyuta, ndipo ana athu ngakhale nsapato alibe? Ife amene tagwira choko zaka zambiri tikufuna kuyankha funso limeneli monga momwe tikuonera. Yankho lathu ndi lakuti zida zimenezi zili ndi ntchito yeniyeni pakati pathu, koma malo ake oyamba ali m'manja mwa mphunzitsi madzulo pamene akukonzekera phunziro la mawa. Foni imodzi ikhoza kudyetsa ana zana limodzi ngati zimene zili m'kati mwake zadutsa kaye m'mutu mwa mphunzitsi, n'kutulukira pa bolodi, pa tchati ndi pakamwa pake.

SI KOYAMBA KULANDIRA CHIDA CHATSOPANO

Sukulu za m'boma lino ndi zakale. Mbusa John Chilembwe atabwerako ku America anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe m'chaka cha 1900, ndipo sukulu inali pakati penipeni pa ntchito yake. Ana a nthawi imeneyo ankayamba kulemba pa mchenga ndi chala, kenaka pa sileti. Patapita nthawi kunabwera kope ndi pensulo.

Pambuyo pake panadza wailesi. Achikulire mukukumbukira maphunziro a pa wailesi a m'zaka zoyamba za ufulu wathu, ndi sukulu yophunzitsa anthu kudzera m'makalata imene inayamba mu 1965, imene lero timaitcha Malawi College of Distance Education. Mu 2008 kunayamba pulogalamu ya Tikwere, imene inkamveka pa wailesi ya MBC kwa mphindi 30, yophunzitsa ana a makalasi oyambirira ndi nyimbo ndi masewero. Ndipo pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala, wailesi yomweyo ndi imene inafika m'midzi imene intaneti sinafike.

Chimene tinaona pa wailesi ndi ichi: pamene mphunzitsi anali atawerengeratu buku lotsogolera, atalemberatu mawu pa bolodi, atasonkhanitsiratu timiyala kapena zitsekerero za mabotolo, ana ankapindula. Pamene mphunzitsi anangotsegula wailesi n'kukakhala pa khonde, ana ankaimba nyimbo zija mokondwa, koma osatolapo kanthu. Wailesi inali imodzimodzi, mawu ake amodzimodzi. Kusiyana kunali pa munthu woima kutsogolo.

ZA MATABULETI

Tisanapite patali titchule za matabuleti, popeza ambiri mwamva mbiri yake. Mu 2013 bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, pamodzi ndi bungwe la VSO, linayesa kuphunzitsa ana masamu m'Chichewa pa timakina timeneti pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, anachita kafukufuku kwa masabata 8, ndipo anapeza kuti ana amene ankachita masamu pa tabuleti theka la ola tsiku lililonse anapita patsogolo kuposa anzawo. Mu 2019 bungwe lomwelo linali limodzi mwa awiri amene anapambana mpikisano waukulu wa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, kuyambira ndi sukulu 500, ndi cholinga chakuti pofika 2029 ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma azichita kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Imeneyi ndi ntchito yabwino ndipo tiyenera kuisamala kumene yafika. Koma ndi ntchito ya boma ndi mabungwe, yofika pa sukulu iliyonse pa nthawi yake, ndiponso yokhudza makalasi anayi oyambirira pa maphunziro awiri okha. Nanga mphunzitsi wa Sitandade 6 wophunzitsa sayansi, kapena wa Sitandade 8 amene ana ake akuyembekezera mayeso a MANEB, adikire yani? Iye chimene ali nacho lero ndi foni yake ya m'thumba. Nkhani yathu yagona pa foni imeneyo.

ZIMENE ZILIPO

Choyamba ndi mabuku a nthano. Mwana saphunzira kuwerenga ndi buku limodzi lokha la m'kalasi, monganso munthu saphunzira kupalasa njinga pa bwalo la pakhomo pokha. Afunika zowerenga zambiri, zosavuta, za m'chiyankhulo chake. Mu 2014 bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula nkhokwe ya mabuku a ana yotchedwa African Storybook. M'menemo muli timabuku ta zithunzi m'ziyankhulo zambiri za muno mu Africa, kuphatikizapo chathu. Timabukuti tinaikidwa m'magulu molingana ndi kuvuta kwake, kuyambira ta mawu owerengeka pa tsamba mpaka ta ndime zazitali. Eni ake analoleza aliyense kutitenga, kutisindikiza, kutimasulira, ngakhale kusintha mawu ena, malinga atchule amene analemba ndi amene anajambula.

Tsono mphunzitsi wopanda makina osindikizira achita bwanji? Asankhe kabuku kamodzi madzulo, akatsitsire mu foni, ndipo alembe mawu ake ndi zilembo zazikulu pa mapepala a tchati, kapena kuseri kwa kalendala yakale, tsamba limodzi pa pepala limodzi. Pa sukulu iliyonse pamakhala mwana wa Sitandade 7 kapena 8 wa dzanja labwino amene angajambule zithunzi zake poonera pa foni. Akasoka mapepalawo ndi ulusi, ndiye kuti kalasi yapeza buku lalikulu limene ana 100 angawerengere pamodzi, ndipo lidzakhalapo chaka chamawa ngakhale foniyo itatayika. Chenjezo ndi limodzi. Timabuku tina tinalembedwa m'Chinyanja cha ku Zambia, chimene kalembedwe kake ndi mawu ake ena amasiyana ndi zathu. Kumeneko amalemba "c" pamene ife timalemba "ch". Mphunzitsi akonze zimenezi pokopera, kuti mwana wa Sitandade 2 asasokonezeke pa zimene anaphunzira dzulo.

Chachiwiri ndi Wikipedia, buku lalikulu la chidziwitso limene linayamba mu 2001 ndipo limalembedwa ndi anthu ongodzipereka. La Chingerezi lili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Pali kachida kena kaulere kotchedwa Kiwix, kamene kanayamba mu 2007, kamene kamalola munthu kusunga zigawo za Wikipedia mu foni kapena pa memori khadi n'kumaziwerenga kopanda netiweki. Kwa mphunzitsi wa kuseri kwa phiri, kumene munthu amakwera pa chulu kuti aimbe foni, kameneka ndi kamtengo wapatali.

Kwa aphunzitsi a sayansi ndi masamu pali PhET, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman wa pa yunivesite ya Colorado, katswiri amene analandira mphotho ya Nobel. Pa galasi la foni munthu amatha kulumikiza batire, waya ndi babu, n'kuona chimene chimachitika akawonjezera batire lachiwiri kapena akadula waya. Pali Khan Academy, imene ili ndi makanema aafupi ofotokoza masamu sitepe ndi sitepe, othandiza mphunzitsi amene mutu wina unamudutsa ali ku koleji ndipo amachita manyazi kufunsa anzake. Palinso TESSA, imene yunivesite ya Open University ya ku Britain inayamba mu 2005 mogwirizana ndi makoleji a aphunzitsi a mu Africa. Imeneyi tikuitchula mwapadera chifukwa olemba ake ankadziwa kalasi ya ana ambiri ndi zipangizo zochepa, ndipo malangizo ake ambiri ndi a mmene ungagawire ana m'magulu, mmene ungafunsire mafunso, ndi mmene ungagwiritsire ntchito zinthu zopezeka pa mudzi.

PHUNZIRO LIMODZI LA CHITSANZO

Kuti tisangotchula maina, tiyeni titenge phunziro limodzi lokhudza mtima wa munthu aliyense wa kuno. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'mapiri, ndipo mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Likoswe unakokoloka. Ana athu anaona zimenezi ndi maso, ndipo ena anataya abale. Akuluakulu anati ndi Napolo, monga ananenera pa Zomba mu 1946 ndi pa Phalombe mu 1991. Mwana wa Sitandade 7 akafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi phiri limaphulika bwanji?" buku la m'kalasi lili ndi mizere yochepa yokha yonena za kukokoloka kwa nthaka.

Mphunzitsi amene wakonzekera ndi foni yake akhoza kupeza mapu osonyeza njira yonse imene namondweyo anayenda. Anabadwira pa nyanja kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya India, anagunda Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwereranso pa nyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Mphunzitsi akhozanso kuwerenga mmene madzi ofunda a pa nyanja amadyetsera namondwe, ndi mmene dothi la pa phiri limalemerera likamwa madzi masiku angapo, mpaka kutsetsereka pamwamba pa thanthwe ngati phala pa mbale yopendekeka.

M'mawa mwake foni ija ikhale m'thumba. Mphunzitsi ajambule mapu aja pa bolodi ndi choko, ana atsate njira ya namondwe ndi chala, awerengetse masiku. Kenaka atuluke nawo panja. Aunjike milu iwiri ya dothi yofanana, wina wopanda kanthu, wina wokutidwa ndi zigamba za kapinga wozulidwa ndi mizu yake. Ana athire madzi ofanana pa milu yonse iwiri ndi chitini chobooledwa pansi, ndipo aone okha mtundu wa madzi otsika ndi mulu umene wayamba kugumuka. Pamenepo funso la mitengo imene yatha m'mapiri athu chifukwa cha makala ndi kuotcha njerwa lidzatuluka m'kamwa mwa ana eni ake. Mphunzitsi wanzeru adzanenanso zoona, kuti mvula ya muyezo umene uja ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, ndi kuti n'chifukwa chake malo omangapo nyumba ayenera kusankhidwa mosamala. Sadzanyoza agogo amene amati Napolo, pakuti dzinalo lasunga chikumbutso cha malo oopsa kwa mibadwo yambiri. Ndipo ngati m'kalasimo muli mwana wofedwa pa ngoziyo, adzayamba wayankhula naye payekha.

Aphunzitsi onse ophunzitsidwa muno m'Malawi azindikira kuti zimenezi ndi TALULAR, njira ija yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi imene a ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa. Intaneti sinabwere kudzachotsa njira imeneyi. Yangopatsa mphunzitsi chidziwitso chokwanira kuti dothi ndi chitini zija ziyankhule zomveka.

Pali nthawi zina pamene ana ayenera kuona kapena kumva okha. Mwana wa kuno amene sanaonepo nyanja yamchere, kapena mtima ukugunda, chithunzi choyenda cha mphindi imodzi chimamutsegula maso kuposa mawu athu onse. Pamenepo mphunzitsi apatse ana ntchito yolemba, n'kumaitana gulu la ana khumi khumi kudzaona. Pa katchulidwe ka Chingerezi, chimene ana amaphunziramo maphunziro ambiri kuyambira Sitandade 5, kasipika kakang'ono kolumikiza ku foni kamafikitsa mawu mpaka kumbuyo kwa kalasi. Koma kuimika foni kutsogolo kwa ana 100 n'kumati onani, kumeneko n'kungoyambitsa phokoso ndi kukankhana.

ZAULERE ZILI NDI MTENGO WAKE

Mawu akuti "zaulere" asatinyenge. Mwini buku salipiritsa, koma njira yokafikira ku bukulo ndi yolipira. Bandulo ya intaneti imagulidwa ndi ndalama, ndipo kanema amaimaliza msanga kuposa mawu olembedwa kapena zithunzi. Foni imafuna moto, ndipo kumene kulibe magetsi munthu amalipira kwa wotchaja pa msika. Ndalama zonsezi pakali pano zimachoka m'thumba la mphunzitsi, pa malipiro omwe aja amene amathera pakati pa mwezi. Mtengo wachitatu ndi nthawi. Kuti munthu apeze kanema mmodzi woyenera amayamba waona asanu osayenera, ndipo amachita zimenezi atatha kuchonga makope a ana 100.

Njira yochepetsera mtengowu ilipo, ndipo ndi ya makolo athu: mutu umodzi susenza denga. Chinthu chikatsitsidwa kamodzi sichifunanso bandulo. Chikhoza kuchoka pa foni ina kupita pa ina kudzera pa Bluetooth kapena pa memori khadi, popanda kulipira tambala. Sukulu zathu zili m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi malo ake a TDC kumene aphunzitsi amakumana ndi mlangizi wawo. Aphunzitsi a Sitandade 6 a m'zoni imodzi atagawana mitu ya teremu, wina kufufuza za thupi la munthu, wina za nyengo, wina za magetsi, n'kudzasinthana pa tsiku la msonkhano, aliyense adzalipira gawo limodzi n'kulandira zonse. Magulu a aphunzitsi a pa WhatsApp alipo kale ambiri. Chofunika n'chakuti pakati pa mauthenga a maliro, a malipiro ndi nthabwala pakhalenso malo a ntchito.

Apa ndi pamene inu makolo mukulowa. Komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi amadziwa kusonkha ndalama za mlonda, za zimbudzi ndi za njerwa. Kodi n'chinthu chovuta kukambirana za kasola kakang'ono kamodzi kokhala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, memori khadi imodzi ya sukulu, ndi bandulo imodzi pa mwezi? Tikudziwa chimene ena adzanena pa msonkhano: tigulire aphunzitsi bandulo kuti azichezera pa Facebook? Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo mankhwala ake ndi kope. Pakhale kope lolembamo tsiku, dzina la mphunzitsi, chimene watsitsa ndi kalasi imene chikukathandiza, ndipo a komiti aziliona monga amaonera kope la ndalama. Khadi ija ikhale katundu wa sukulu, kuti mphunzitsi akasamutsidwa nkhokweyo itsale.

POFUNIKA KUCHENJERA

Sikuti chilichonse cholembedwa pa intaneti n'choona. Wikipedia ikhoza kulembedwa ndi munthu aliyense, ndipo ngakhale nkhani zake zazikulu zimayang'aniridwa ndi anthu ambiri, nkhani zing'onozing'ono za malo ngati athu ano zimakhala ndi zolakwa zimene palibe wazikonza. Makanema ambiri anakonzedwera ana a maiko ena. Amawerengera ndalama za kwawo, miyezo ya kwawo, ndi nyengo zinayi za kwawo, pamene mwana wathu adzafunsidwa za dzinja, chisanu ndi chilimwe monga zilili kuno. Silabasi ndi mabuku a ku Domasi ndiwo msewu. Zina zonsezi ndi nyali younikira msewuwo.

Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo imathandiza munthu kumva mutu wa nkhani. Koma ikakumana ndi mwambi kapena chining'a imamasulira liwu ndi liwu, n'kutulutsa zinthu zimene palibe Mchewa angayankhule. Kuyambira 2024 pa WhatsApp pomwepo pali makina oyankha mafunso ngati munthu, ndipo alipo enanso a mtundu womwewo. Amatha kuthandiza mphunzitsi kupeka mafunso khumi a masamu m'kanthawi kochepa. Vuto lake n'lakuti akalakwa sachita chibwibwi. Amapereka chaka cholakwa kapena dzina lopeka ndi mawu okoma omwewo amene amaperekera choona. Mphunzitsi asalembe pa bolodi kanthu kochokera kumeneko asanakayese ndi buku, ndipo samu iliyonse ayambe waichita yekha.

Kwa aphunzitsi anzathu tinene mosabisa: makolo amaona. Mwana akafika kunyumba n'kunena kuti aphunzitsi anatipatsa zolemba n'kumaseka ndi foni, ndiye kuti mwatseka khomo limene anzanu akuyesa kutsegula. Komanso zithunzi za ana a eni ake zisaikidwe pa Facebook popanda chilolezo cha makolo, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani, ndipo mayina ndi malikisi a ana si zotumiza m'magulu.

Inu anyamata ndi asungwana a ku sekondale amene muli ndi mafoni, kapena mumabwereka a makolo, zonse tatchulazi ndi zanunso. Khan Academy yomweyo ikhoza kukufotokozerani samu imene inakukanikani m'kalasi, kawiri, katatu, osatopa ndi osakukalipirani. Koma pa foni pomwepo pali anthu amene nyengo ya mayeso ikayandikira amalonjeza likasa mukawatumizira ndalama. Ambiri a iwo ndi akuba chabe. Ndipo ngakhale pamene mayeso anabedwadi, phindu lake linali lotani? Mu Novembala 2020 mayeso a Fomu 4 anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atafala pa mafoni, ndipo ophunzira onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Makolo analipiranso zoyendera ndi zakudya, ndipo ana anataya miyezi.

CHIMENE CHIKUSOWA NDI CHATHU

Munthu akafufuza kwa masabata angapo amazindikira chinthu chimodzi chomvetsa chisoni. Za m'Chingerezi ndi zosawerengeka, koma za m'Chichewa ndi zochepa kwambiri, ndipo za m'Chilomwe ndi m'Chiyao, ziyankhulo zimene agogo ambiri a m'boma lino amayankhula, ndiye zochepetsetsa. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma poiyerekeza ndi ya Chingerezi ili ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Mwana wa ku Mbulumbuzi akhoza kupeza nkhani zambiri za mtsinje wa Thames kuposa za mtsinje wa Namadzi umene amauwoloka.

Palibe mlendo amene adzatilembere zimenezi, pakuti sazidziwa. Koma zida zomwe zija zimene timatengera zinthu zimalolanso kuikamo. Pa African Storybook munthu aliyense akhoza kulembetsa, kumasulira kabuku ka m'chiyankhulo china, kapena kupeka kake n'kusankha zithunzi mwa zimene zilimo kale. Kumasulira kabuku ka masamba 12 a mzere umodzi umodzi ndi ntchito ya madzulo amodzi kwa mphunzitsi wodziwa Chichewa chake. Boma lino lili ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi, lili ndi Yunivesite ya Katolika ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo m'mudzi uliwonse muli achinyamata amene anamaliza Fomu 4 ndipo akusowa chochita. Anthu olemba alipo.

Nkhani zolemba nazonso zilipo. Pali mbiri ya Magomero, kumene Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anamanga mishoni mu 1861. Pali mbiri ya Mbombwe ndi zimene zinachitika mu Januwale 1915, zimene ana athu amazikumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse koma ambiri osafikapo pa malowo, ngakhale ali pamtunda woyenda ndi njinga. Pali ulendo wa Alomwe amene anachoka ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Pali kalimidwe ka nandolo, kaumbidwe ka mbiya, maina a mitengo ya m'phiri la Chiradzulu ndi ntchito zake, ndi nthano zimene agogo ankatiuza pa moto, zija za kalulu ndi fisi, zimene mwana wa lero amazimva mwa apo ndi apo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Achinyamata awiri apite kwa agogo, apemphe chilolezo mwaulemu, afotokoze kumene nthanoyo ikupita, ndipo ajambule mawu awo pa foni. Akabwerako alembe pa kope monga agogowo ayankhulira. Mphunzitsi wa Chichewa afupikitse ziganizo kuti zifanane ndi msinkhu wa ana, akonze kalembedwe, ndipo aiwerenge kaye kwa ana a Sitandade 3 kuti aone pamene akusekera ndi pamene akusochera. Kenaka aibwezere kwa agogo aja kuti avomereze kuti nthano yawo sinapotozedwe, ndipo ngati iwo afuna, dzina lawo lilembedwe pa chikuto monga mwini nkhani.